Malovu Amene Ndinabisa mu Mtsuko

1

Apongozi anga si munthu wopempha madzi. Akafika pakhomo panga amangolowa, n'kutenga chikho, n'kuvundukula mtsuko ngati anaumba ndi iwo. Khalidwe limeneli ndi limene linandiyalutsa Lachiwiri lina mu Ogasiti, chaka cha 1996.

Ndinali kuseri ndikupeta mpunga, mwana wanga Anita ali kumsana. Ndinangomva mfuu.

"Mayo ine! Anthuni bwerani mudzaone! Mwana wanga akudyedwa ali maso!"

Ndinawapeza ataima pakati pa bwalo, dzanja lili m'mwamba, madzi akuyenderera mpaka m'chigongono. Anagwira kajumbo ka shuga komanga bwinobwino, ndipo m'katimo munali timabotolo tinayi. Kalikonse kanali ndi thonje lonyowa m'kati, kunja kuli dzina: Jeremiya Makaiko. Mayi Makaiko sadziwa kuwerenga, koma dzina la mwana wawo amalizindikira.

"Iwe Dina, ichi n'chiyani?"

"Ndi za kuchipatala, amayi."

"Chipatala chake chiti chosunga zinthu pansi pa madzi akumwa? Muli chiyani umu?"

"Malovu."

Azimayi a pa mjigo anali atafika kale, zidebe zili pamutu. Wina anabwerera m'mbuyo. Wina analavula pansi.

"Malovu a ndani?"

Ndinangoyang'ana dzina lija pa botolo. Apongozi anamanga kajumboko ku nsonga ya chitenje chawo.

"Loweruka kubwera ankhoswe. Mwana wanga ndikumutenga, akafere kwawo ku Naisi."

2

Dzina langa ndi Dina, kwathu ndi kuno ku Domasi, kumunsi kwa phiri. Sukulu ndinalekeza Fomu 2 chifukwa cha mimba ya Anita. Sindidandaula nazo. Kuwerenga ndi kulemba ndinatuluka nako, ndipo muona kumene kunandifikitsa.

Jeremiya anabwera kudzakhala kwathu monga mkamwini. Anali wocheka matabwa kuphiri. Munthu ameneyo ankatsika ndi matabwa atatu paphewa akuimba mluzu, afike pakhomo, amwe madzi, atenge khasu alowe m'dimba. Amalume anga a Isaki ankanyadira pamowa kuti m'banja mwathu mwalowa thalakitala.

Mu Febuluwale 1995 anadwala malungo. Tinamupatsa mankhwala, thupi linazizira, koma mphamvu sizinabwerere. Poyamba tinkati ndi za sabata imodzi. Mwezi unatha. Ankagona usiku wonse n'kudzuka ali wotopa kuposa mmene anagonera. Pakhosi pankamupweteka, m'mfundo mukuphwanya. Nthawi zina ankaiwala mawu pakati pa nkhani, n'kumangondiyang'ana ngati ndamubisira.

Tsiku lina atatopa ndi zonena za anthu anatenga khasu. Anaunga mizere itatu. Anagona nayo pa mphasa masiku asanu ndi anayi, osatha ngakhale kunyamula chikho.

Kuchipatala tinapitako kanayi. Malungo mulibe, magazi ndi okwanira, chifuwa chili bwino. "Akadye zakudya zabwino." Basi.

Ndiye aliyense anakhala dokotala. Ku Songani ankati ndi matenda a boma aja, ngakhale munthuyo sankaonda. A Isaki anasintha nyimbo, thalakitala ija inasanduka mlesi wodya zaulere. Apongozi anali ndi yawo: tsempho. Ankati ndinayenda ndi mwamuna wina n'kuthira mchere m'ndiwo za mwana wawo. Anandiletsa kugwira mchere m'nyumba mwanga momwe, ndipo ankabwera kawiri pa sabata kudzalawa ndiwo.

Ine ndinalibe nthawi yolira. Munda wa chimanga unali wanga, dimba la mpunga langa, kuingitsa mbalame, nkhuni, chigayo, kusambitsa mwana, kusambitsa bambo ake. Chaka chimenecho mpunga wanga unachita bwino kuposa wa mabanja okhala ndi amuna awo oyenda. Ndinkayesa anthu andiyamikira. Ndinali mwana.

3

Mu Meyi 1996 ndinapita ndi Anita ku sikelo. Titamaliza, nesi wina wachilendo anaimirira kutsogolo. Anali wamfupi, wa magalasi, dzina lake a Doris.

"Amayi, alipo amene kunyumba ali ndi munthu wotopa kwa miyezi yoposa isanu ndi umodzi? Sindikunena wotopa ndi kulima. Ndikunena woti akagwira kantchito pang'ono amagona masiku, koma kuchipatala samupeza matenda."

Azimayi anaseka. Wina anati, "Amuna onse a m'mudzi mwathu, sisitala."

Ine sindinaseke. Onse atabalalika ndinatsalira.

A Doris anandifunsa mafunso ambiri, akulemba. Kenako anavula magalasi.

"Mwamva za kafukufuku? Kuli madokotala amene akufuna kudziwa za matenda amenewa. Kunja ali ndi dzina lake, tanthauzo lake ndi kutopa kosatha. Chimene chimayambitsa sichikudziwika."

"Ndiye si ulesi?"

"Ulesi sutupitsa pakhosi."

Ndinakhala pa benchi. Miyezi khumi ndi isanu, ndipo aka kanali koyamba munthu kunena zimenezo.

Anandifotokozera mwachidule. M'thupi muli timadzi totchedwa mahomoni. Imodzi mwa iwo imakwera m'mawa kuti munthu adzuke ndi mphamvu, n'kumatsika dzuwa likamapendeka. Munthu akakhala pa mantha kapena pa mavuto, imakweranso. Madokotalawo ankaganiza kuti mwa anthu otopawa homoniyi yasokonekera, ndipo mwina yasokonezanso asilikali a m'thupi amene amalimbana ndi matenda. Homoniyi imaoneka m'malovu.

"Wodwala atafune thonje kanayi pa tsiku," anatero. "Akangodzuka asanalawe kanthu, pakatha theka la ola, masana, ndi dzuwa litalowa. Tsiku limodzi pa mwezi, miyezi itatu. Timabotolo musunge pozizira mpaka Lachinayi, mudzandipatse pano. Akamaliza miyezi itatuyo adokotala amabwera ndi galimoto kunyumba, kumupima thupi lonse ndi kutenga magazi."

"Kunyumba kwenikweni?"

"Pa mphasa pake pomwepo. Koma asaine yekha fomu iyi. Popanda chilolezo chake sitigwira munthu."

4

Jeremiya anamvetsera nkhani yonse atatsinzina. Nditamaliza anati, "Ayi."

"Bambo a Anita, ndi thonje chabe."

"Malovu anga akwere ndege, akafike m'manja mwa anthu amene sindikuwadziwa? Amayi akamva ati chiyani?"

"Amayi anu akuti ndine hule. Zimenezo mukuzimva bwinobwino osadandaula."

"Usanditopetse, Dina."

"Mwatopa kale. Chatsala n'chiyani?"

Anatembenukira kukhoma. Patapita nthawi ananena motsitsa mawu, "Nanga akapeza kuti mulibe kanthu? Ndiye kuti amalume ako akunena zoona."

Pamenepo ndinadziwa kuti sizitheka. Si ufiti umene ankaopa kwenikweni. Ankaopa pepala lonena kuti ndi mlesi.

Ndinatenga fomu ija kupita nayo kuseri kwa nkhokwe. Ndinaiika pa bondo n'kulemba dzina lake. Ndinayesa kupotoza zilembo kuti zioneke za munthu wodwala, koma dzanja langa ndi la Fomu 2, silidziwa kulemba moipa.

Lachinayi lina mu Juni ndinapereka timabotolo tinayi, thonje lili lonyowa, nthawi zitalembedwa bwino. Mwezi wa Julayi chimodzimodzi. Musandifunse pano kuti thonjelo linkanyowa bwanji pamene mwini dzina anakana. Mumva. Firiji ndilibe, ndiye malo ozizira m'nyumba mwanga ndi pansi pa mtsuko. Timabotolo timene apongozi anatola tinali ta mwezi womaliza. Panatsala masiku awiri okha kuti galimoto ya adokotala ilembedwe kubwera kwathu.

Lachinayi ndinapita kwa a Doris chimanjamanja. Ndinawauza kuti timabotolo talandidwa ndipo ndikutchedwa mfiti.

"Ndibwera Loweruka," anatero. "Zotsatira za Juni zafika. Ndidzawawerengera, amve okha kuti ndi za chipatala."

Ndinathokoza. Ndinabwerera kunyumba mtima uli m'malo, osadziwa kuti ndaitana mboni yodzandimaliza.

5

Loweruka m'mawa bwalo lathu linadzaza. A Maliro, amalume ake a Jeremiya, anabwera ndi njinga yomangirira pilo pa kaliyala, yoti anyamulirepo wodwala. A Isaki anakhala mbali yanga, koma nkhope yawo inali ya munthu amene waluza kale. Jeremiya tinamutulutsa n'kumutsamiritsa ku khoma la khonde. Amene sanaitanidwe anaima kuseri kwa mpanda.

A Maliro anayala timabotolo tija pa mpando.

"Jeremiya, mphwanga, unapereka malovu ako kwa munthu?"

"Ayi, amalume."

"Thonje ili unatafunapo?"

"Sindinatafunepo."

"Mwamva!" apongozi anawomba m'manja. "Amamutapa ali m'tulo!"

A Doris anafika nthawi imeneyo, atavala yunifolomu, chikwama chili m'khwapa. Anapereka moni mwaulemu, nafotokoza za kafukufuku monga anandifotokozera ine. Anthu anayamba kufewa. A Isaki anawongola msana. Kenako a Doris anatulutsa pepala.

"Izi ndi zotsatira za a Jeremiya za mwezi wa Juni. Kunena zoona zatidabwitsa. Odwala ena amene tawayeza, ambiri homoni ija ikumakhala yotsika. Ya bambowa ndi yokwera m'mawa, yokwera masana, dzuwa litalowa ikadali pamwamba. Adokotala alemba funso m'munsimu. Akuti, kodi munthu ameneyu amagonadi pa mphasa tsiku lonse? Chifukwa izi zimafanana ndi za munthu amene thupi lake silipuma, wogwira ntchito yolemetsa, wokhala ndi nkhawa usana ndi usiku."

Apongozi anaimirira pang'onopang'ono.

"Bwerezani, sisitala. Wogwira ntchito yolemetsa?"

"Eya, koma tanthauzo lake..."

"A Maliro, mwamva? Ngakhale makina a azungu aona! Mwana wanga amalimitsidwa usiku! Mumadabwa kuti mpunga wa mtsikana uyu ukuchita bwanji chonchi mwamuna ali gone? Wamusandutsa ndondocha! Masana ali thapsa pa mphasa chifukwa usiku wonse amakhala ali m'dimba!"

Kuseri kwa mpanda kunamveka phokoso. Wina anati, "N'zoona, mpunga uja si wa munthu mmodzi." A Doris anayesa kukweza mawu koma palibe anawamva. A Isaki anagwira chipewa chawo n'kuyang'ana pansi. A Maliro anadzuka kukakonza pilo pa njinga.

Ndinayang'ana Jeremiya. Ankandiyang'ana, ndipo m'maso mwake munali funso. Mwamuna amene ndinamusambitsa chaka ndi theka ankandifunsa ndi maso ngati ndine mfiti.

Ndikanakhala chete, akanamutenga. Ndikanalankhula, galimoto ya adokotala sikanabweranso. Ndinamasula Anita kumsana, ndinamupereka kwa a Isaki, ndinaima pakati pa bwalo.

6

"Malovuwo ndi anga."

A Doris ndi amene anayamba kumva. "Mwati bwanji, amake Anita?"

"Ndi anga, sisitala. A Juni, a Julayi, ndi awa ali pampandowa. Bambo a Anita anakana. Ndinkatafuna ndine, kuseri kwa nkhokwe, kuti miyezi itatu ikwane adokotala abwere adzamuone. Fomu ndinasaina ndine."

"Bodza!" anatero apongozi. "Akuzemba!"

Ndinatola kamtengo n'kulemba pa dothi: Jeremiya Makaiko. A Doris anatulutsa fomu ija, nayang'ana pansi, nayang'ana pepala. Anapereka cholembera kwa Jeremiya kuti alembe dzina lake kuseri kwa pepalalo. Analemba zilembo zake zazikulu zopendama za Sitandade 4. A Maliro amawerenga Baibulo kutchalitchi, ndiye anaona okha kusiyana kwake.

Sindinaonepo munthu wamfupi atakwiya ngati a Doris tsiku limenelo.

"Mukudziwa chimene mwachita? Timabotolo timeneti timayenda mu ayezi mpaka kunja! Madokotala akhala akukanda mitu ndi zotsatira za munthu wolakwika! Mukanasokoneza za odwala ena onse! Ine ndinakukhulupirirani!"

"Ndalakwa, sisitala. Inu ndakulakwirani, ndipo ndikupepesa."

Kenako ndinatembenukira kwa apongozi.

"Koma inu amayi sindikupepesani. Pepala lija mwalikhulupirira pamene mumayesa likunena za mwana wanu. Likhulupirireninso tsopano. Munthu wosapuma uja, wa ntchito yolemetsa, wa nkhawa usana ndi usiku, ndi ine. Mukufuna ndondocha imene inalima mpunga? Nayi, yaima pamaso panu. Onani manja awa. Inu mumabwera kawiri pa sabata kudzalawa mchere. Munabwerapo ndi khasu? A Isaki, inunso, munandisenzerapo mtolo umodzi wa nkhuni? Mutengeni mwana wanu ngati mukufuna. Koma mukamusambitse, mukamutembenuze, ndipo akakagona masiku asanu ndi anayi chifukwa cha mizere itatu, mukapeze wina womutcha mfiti, chifukwa ine kudzakhala kulibe."



A Maliro anakanda chibwano. "Nkhani yafika pena. Jeremiya, njinga ndi iyo. Ukwera kapena utsala?"

Jeremiya anayang'ana njinga ija, kenako anayang'ana ine. Ndinkadziwa kuti akusaka mawu, monga amachitira akatopa.

"Sisitala," anatero potsiriza, "thonje lina muli nalo?"

"Jeremiya!" anakuwa mayi ake.

"Amayi, khalani pansi. Ine ndimamva mapazi a Dina akutuluka kusanache. Ndimamva akubwera. Ndimangokhala chete chifukwa cha manyazi." Anatambasula dzanja. "Ndipatseni nditafune pompano, aliyense aone."

"Si mtedza umenewu woti mungotafuna nthawi iliyonse," anatero a Doris, akadali okwiya. "Ndi m'mawa mukangodzuka. Ndiponso ndikafunse kaye ngati adokotala angakulandireni, pambuyo pa zimene achita akazi anuwa."

A Maliro anamasula pilo pa kaliyala n'kuyamba kukankha njinga yawo yopanda munthu. Apongozi anawatsatira osatsanzika.

7

Adokotala anamulandira, koma anayambira pa chiyambi, ndipo a Doris ankabwera okha m'mamawa kudzaona ndi maso awo thonje likulowa m'kamwa moyenera. Galimoto imene ndinkaifuna mu Ogasiti inafika mu Disembala. Bodza langa linamuchedwetsa miyezi inayi. Zimenezo ndimazidziwa, palibe chifukwa chondikumbutsa.

Magazi anasonyeza kuti kachilombo alibe. Homoni ija inali yotsikirapo, ndipo asilikali a m'thupi mwake sankagwira ntchito mwa dongosolo lake. Ndinafunsa mankhwala. Adokotala anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti palibe, akadafufuzabe. Anangomulangiza kuti azigwira pang'ono n'kuleka asanatope, asamadikire kuti thupi limugwetse.

Anandiuzanso kuti zotsatira zanga sanazitaye. Akuti zawapatsa maganizo oyamba kuyeza anthu osamalira odwala, chifukwa nawonso thupi limawonongeka mwakachetechete. Anandifunsa ngati ndingalembetse, m'dzina langa. Ndinalembetsa. Ndinawafunsanso ngati kafukufukuyo amabwera ndi munthu wothandiza kupalira. Anaseka. Ine sindinkaseka.

Papita zaka zitatu. Jeremiya sanachire. Masiku abwino amakhala pakhonde n'kumanola macheka a anzake akale, awiri pa tsiku, osapitirira. Masiku oipa amagona. Ali pano, kwathu, ndipo Anita amamudziwa bambo ake. Apongozi sanapepese, ndipo ku Naisi alipo amene mpaka lero salola ana awo kudya mpunga wanga. Kutchalitchi anandiimika mgonero miyezi itatu chifukwa cha bodza. Ndinavomera, ndinakhala kumbuyo, miyezi inatha.

Inu owerenga, ndalemba izi chifukwa ndikudziwa kuti m'midzi mwanu muli munthu wina wagona m'nyumba, wosaonda, wosatsokomola, amene mwamupatsa kale dzina. Mwina mukuti ndi mlesi, mwina mukuti anamulodza, mwina mumanong'onezana za matenda aja. Madokotala ophunzira anandiuza ine pamaso kuti sakudziwa chimene chimayambitsa. Inu mwadziwira kuti? Ndipo mukamaliza kumuweruza wogonayo, tayang'anani amene akutuluka m'nyumbamo ndi beseni la madzi. Mufunseni anadya liti atakhala pansi.

Musachite zimene ndinachita ine. Musasainire munthu, musanamize a chipatala, mumapweteka odwala ena amene simukuwadziwa. Chimenecho ndinalapa. Koma alipo amene amafuna ndilapenso kuti ndinayankha akuluakulu pabwalo, ndinakweza mawu pamaso pa apongozi. Amenewo adikira mpaka kalekale. Amene akuona kuti akanachita bwino kuposa ine abwere kuno ku Domasi adzandionetse. Ndimadzuka folo koloko. Abwere ndi khasu lawo.